Mauthenga Amene Sitinawerenge

Ana anga, Tamanda ndi Yohane, mwakhala mukundikakamiza kuti ndilembe za ntchito zimene ndinagwira, poti tsopano ndangokhala pakhomo. Za ubwana wanga mukuzidziwa kale. Ndiyambira pa ntchito yanga yoyamba, koma ndikhalitsa pa yomaliza, chifukwa ndi imene sindinakufotokozereni bwino. Nthawi imene ija munkangoona kuti mayi anu aonda ndipo sakulankhula kwambiri. Mukafunsa ndinkati ndi shuga. Sanali shuga.

Zaka za pa taipi

Ntchito yanga yoyamba inali yotaipa mu ofesi ina ya boma konkuno ku Mwanza, nkhondo ya ku Mozambique isanathe. Anthu ankawoloka malire ndi mitolo pamutu, ena ndi mbuzi, ena opanda kalikonse, n'kudzandanda panja pa ofesi yathu kuti alembedwe. Ine ndinali mtsikana wa zala zofulumira, ndiye anandikhazika pa zenera. Bwana wanga anali bambo wina wamfupi wovala tayi ngakhale mu Okutobala, ndipo pepala lililonse ankaliwerenga ndi rula, mzere ndi mzere. Ukalakwitsa chilembo chimodzi pa dzina la munthu, unkayambiranso tsamba lonse. Riboni ya taipi inkasowa miyezi, moti tinkaitembenuza mpaka zilembo zizioneka ngati mthunzi. Pa zenera limenelo ndi pamene ndinatola Chinyungwe pang'ono ndi timawu ta Chipwitikizi. Kenako anandisamutsira ku Blantyre, kumene ndinakumana ndi bambo anu, ndipo nditakula kale anatitumiza kukaphunzira kompyuta, ife amayi akuluakulu tikugwira mausi ndi manja awiri ngati itithawa. Bambo anu atamwalira ndinapempha kubwerera kwathu. Nditapuma m'boma ndinali ndidakali ndi mphamvu, ndipo mnzanga wina wa kutchalitchi anandiuza kuti pali bungwe likufuna mlembi.

Chaka choyamba ndi chachiwiri m'bungwe

Bungwelo sindilitchula dzina, chifukwa ena amene tinkagwira nawo ntchito akadali moyo. Linali laling'ono: zipinda ziwiri kuseri kwa sitolo ina pa boma, galimoto imodzi yokalamba, ndi anthu anayi, kuwerengera ndi dalaivala. Ntchito yake inali yothandiza odwala khunyu. Kamodzi pa mwezi galimoto inkapita ndi mankhwala ku Thambani ndi ku midzi ya kwa Kanduku, kuti odwala asamavutike ndi ulendo wobwera ku boma. Mankhwala a khunyu safuna kudumphitsa. Munthu akamamwa tsiku ndi tsiku amalima, amagulitsa pa msika, amalera ana ake. Akangowasiya masiku angapo, amagwa paliponse pamene matendawo amupezera.

Mkulu wa bungwe anali bambo Makwinja. Musawaganizire ngati munthu woipa. Analiyambitsa chifukwa cha mchimwene wawo amene anakula akudyera m'mbale yakeyake, abale akuopa kuti awapatsira matenda. Koma anali ndi mantha amodzi aakulu, mantha a anthu a kunja amene ankatipatsa thandizo. Imelo yawo ikafika, bambo Makwinja ankavula magalasi, kuwapukuta, kuwavalanso, ndiye n'kuitsegula. Namwino wathu anali mayi Lunguzi, mayi wamtali wosaseka zachabechabe, wodziwa odwala ake ndi mayina awo ndi mayina a ana awo. Ine ntchito yanga inali makalata, malipoti ndi mafayilo.

Chaka chachiwiri kunabwera mtsikana wa ku Ulaya, Hana, kudzatithandiza kwa miyezi ingapo. Ndiye anatipangira webusaiti, tsamba lathu la pa intaneti. Pa kompyuta yake inali yokongola zedi. Ukaitsegula zinkayamba ndi zithunzi zikuluzikulu zoyenda zokha: ana akumwetulira, galimoto yathu ikuwoloka mtsinje, bambo Makwinja akugwirana chanza ndi alendo. Pansi pake panali batani lofiira la ofuna kupereka thandizo. Zonse zinali m'Chingerezi. Masiku a kiliniki analimo, koma kuti uwapeze unkayenera kulowa pa mbiri ya bungwe, kenako pa ntchito zathu, kenako n'kutsegula chikalata china chachitali chimene masikuwo anali kumapeto kwake. Panalinso fomu yotilembera uthenga. Inkafunsa dzina lako, dzina la bungwe limene ukuimira, dziko lako posankha pa mndandanda wa mayiko onse a pansi pano, ndi imelo yako. Ukatumiza, makina ankayankha okha m'Chingerezi kuti zikomo, tikuyankhani pasanathe masiku awiri.

Nthawi yomweyo tinasindikiza mapositala atsopano omata m'misika ndi m'zipatala zing'onozing'ono. Akale anali ndi nambala ya foni ya bambo Makwinja, ndipo anthu ankawafulasha kuyambira m'mamawa mpaka iwo anatopa nazo. "Chotsanipo nambalayo, mayi Mbewe," anandiuza. "Ikanipo adiresi ya webusaiti. Tizioneka ngati mabungwe anzathu." Ndinafunsa kuti nanga a kumudzi atipeza bwanji. "A kumudzi amamva kwa anzawo," anatero. "Webusaiti si yawo, ndi ya otithandiza." Ndinataipa momwe ananenera. Hana pochoka anandisiyira envulopu ya khaki yokhala ndi mapasiwedi ndi mapepala ofotokoza kasinthidwe ka zinthu pa webusaitipo. Ndinaiika m'dirowa ya pansi, mafayilo n'kuisanjikiza. Kunena zoona ndinkaiopa. Kutaipa ndinkadziwa, koma izi ndinkaona ngati ndikangokhudza penapake zonse zifufutika, mlandu n'kukhala wanga.

Chaka chachinayi

Chaka chimenecho mafuta a galimoto anavuta. Dalaivala wathu ankakhala pa mzere tsiku lonse n'kubwera ndi chigubu chopanda kanthu. Kiliniki ya ku Thambani, imene kuyambira kale inkakhala Lachiwiri loyamba la mwezi, inayamba kusunthasuntha. Mwezi wina Lachinayi, mwezi wina Lolemba la sabata yachiwiri, malinga ndi tsiku limene mafuta apezeka. Mayi Lunguzi ankayesetsa. Ankalengeza kwa amene abwera, ankawonjezera mapiritsi a masiku angapo, ankatumiza mawu kudzera kwa a kabaza. Okhala pafupi ndi msika ankamva. Koma pa webusaiti panali palembedwabe kuti Lachiwiri loyamba la mwezi. Ndinaziona. Ndinanenapo kamodzi kokha, ndikupereka tiyi. "Bwana, tsiku lija pa webusaiti likadali lakale." Iwo osadzutsa mutu anati, "Hana akadzabweranso adzakonza." Hana sanabwerenso. Ine mumtima ndinadziuza kuti palibe wa kumudzi amene amatsegula zimenezo.

Chaka chachisanu, miyezi ya mvula

Otithandiza aja analemba kuti akufuna lipoti la chaka liikidwe pa webusaiti, ndipo kuti pakati pa chaka adzatumiza munthu wodzationa. Apo ndiye bambo Makwinja anakumbukira envulopu ija. Ndinaitsegula Lachisanu masana, mvula ikugwa, ofesi muli ndekha. Munali mapasiwedi awiri. Ina inali ya webusaiti. Inayo inali ya bokosi la imelo limene sindinkalidziwa n'komwe, kumene kunkapita mauthenga onse a pa fomu ija. Kwa zaka zitatu palibe anali atalitsegula.

Ambiri anali mauthenga a otsatsa malonda. Koma pakati pake panali a anthu enieni. Mphunzitsi wina wa kwa Kanduku ankafunsa za mwana wa m'kalasi mwake amene amagwa. Mayi wina ankafunsa ngati woyembekezera angapitirize mankhwala. Ndipo panali dzina limodzi lobwerezabwereza: Zuze. Pofunsa dzina la bungwe iye ankalemba kuti "ndilibe". Pa dziko, ulendo woyamba anafufuza mpaka anapeza Malawi, koma maulendo enawo ankangosankha dziko loyamba pa mndandanda. Mauthenga ake anali anayi, ndipo ndikuwalemba pano momwe analili, chifukwa ndinawaloweza osafuna.

Woyamba unati: "Zikomo akuluakulu. Ndine Zuze, ndimakhala kufupi ndi malire, kupitirira Thambani. Mkazi wanga Felesia amalandira mankhwala kwa inu. Mwezi watha tinali ku maliro kutsidya. Lero Lachiwiri tabwera monga mwalembera koma sitinakupezeni. Tibwere liti?" Wachiwiri unabwera patatha mwezi: "Tabweranso Lachiwiri. Anthu pa msika akuti masiku ano mumabwera mukapeza mafuta. Mankhwala takhala tikudula pakati, atsala a masiku anayi. Nambala yanga ndi iyi, mungondifulasha ndiimba ndine." Wachitatu: "Mankhwala anatha. Wagwa kawiri sabata ino. Pa njinga sindingamunyamule, ndikuopa agwa pa njira. Aphunzitsi andimasulira kuti makina anu akuti muyankha pa masiku awiri. Ndikudikira." Wachinayi unali wa mzere umodzi: "Musavutikenso. Felesia tamuika dzulo."

Sindikudziwa kuti ndinakhala pampando paja nthawi yaitali bwanji. Mayi Lunguzi atalowa, ambulera ikudontha madzi, ndinangowalozera kompyuta. Anawerenga ali chiimire, kenako anapita kukatenga kaundula wa odwala. Dzina la Felesia linalimo, ndipo pambali pake panali mawu olembedwa ndi dzanja lawo omwe: wasiya kubwera. "Ndinatumiza mawu kamodzi," anatero motsitsa. "Atapanda kuoneka ndinati wabwerera kwawo ku Mozambique. A m'malirewa amatero." Anatseka bukulo pang'onopang'ono. Ine ndinatsegula dirowa ya pansi ija n'kuyang'ana pamene envulopu inakhala zaka zitatu, pafupi ndi bondo langa.

Mawa lake, Loweruka, ndinakwera matola mpaka pa Thambani, kenako kabaza, kenako wapansi, chifukwa njira inali itakumbika ndi madzi. Ndinawapeza bambo Zuze akukonza khola la mbuzi. Anali munthu wochepa thupi, wa msinkhu wa iwe Yohane kapena kuposerapo pang'ono, wobadwira kutsidya koma wokulira kuno. Ana atatu anatuluka kudzandiona n'kubwereranso kuseri kwa nyumba. Nditanena kumene ndachokera anandiyalira mkeka, iwo n'kukhala pa mwala. Anandifotokozera mosakweza mawu. Felesia anapita kukachapa ku kamtsinje ka kumunsi kwa munda wawo. Madzi ake sankafika n'komwe m'maondo. Anagwa chafufumimba, ndipo panalibe wina pafupi.

"Adiresi yanu ndinaikopera pa positala, pa khoma la chipatala," anatero. "Netiweki kuno imapezeka pa phiri ilo." Analoza ndi chibwano. "Ndinkakwera, n'kugula bandulo, n'kutsegula. Inkayamba kutuluka nkhope ya bwana wanu, pang'onopang'ono. Tsitsi, chipumi, magalasi. Ikafika pa tayi, bandulo yatha. Mawa lake ndigulenso ina." Anaseka pang'ono, koma maso sanaseke. Kenako anandifunsa, "Ndiye inuyo, mayi, ndinu amene mumawerenga mauthengawo?" Ndinafuna kunena za Hana, za mafuta, za bwana. Ndinangoti, "Ndine amene ndinkayenera kuwerenga." Anagwedeza mutu ngati munthu amene wauzidwa dzina la malo amene anadutsapo kale. Pondiperekeza anandithokoza m'Chipwitikizi, anati, "Obirigado, mayi, mwayenda." Akananditukwana, ndikanabwerera wopepukidwa.

Chaka chomwecho, mvula itatha

Sindinapemphe chilolezo kwa aliyense. Ndinatenga mapepala a Hana n'kuyamba kuwawerenga ndi rula, mzere ndi mzere, ndikuyesa chimodzichimodzi. Kawiri konse ndinasokoneza tsamba lonse, thukuta lili kamukamu, koma ndinalibwezeretsa. Choyamba ndinachotsa zithunzi zoyenda zija. Pamwamba penipeni ndinalemba m'Chichewa, ndi zilembo zikuluzikulu, tsiku la ku Thambani ndi tsiku la kwa Kanduku. Pansi pake ndinaika nambala ya foni ina yakale ya ofesi, imene ndinayamba kuyenda nayo m'chikwama changa. Fomu ndinaidula n'kusiya mafunso atatu: dzina, mudzi, nambala ya foni. Yankho la makina lolonjeza masiku awiri ndinalifufuta. Za otithandiza, mbiri ya bungwe ndi malipoti a Chingerezi sindinazitaye, ndinangoziika pa tsamba lina la mkati.

Ndinayambanso kupita nawo ku kiliniki. Ndinkapempha aliyense wokhala ndi foni ya intaneti, aphunzitsi, akuluampingo, ogulitsa pa msika, kuti atsegule tsamba lathu ine ndikuyang'ana, osawauza poti adine. Pamenepo ndi pamene ndinaphunzira zambiri. Ndinali nditalemba kuti "ndandanda wa kiliniki", koma anthu ankaidumpha. Mayi wina wogulitsa mtedza anandifunsa, "Bwanji osangolemba kuti tsiku lolandira mankhwala?" Ndinasintha pomwepo. Ndinaona kuti zilembo zotuwa sizioneka padzuwa, ndinaika zakuda. Ndinaona kuti munthu akaona deti yokha amafunsabe kuti limeneli ndi Lachingati, ndiye ndinkalemba zonse ziwiri. Mafuta akangopezeka, dalaivala asanatsitse n'komwe chigubu, ine ndinali nditasintha kale tsiku. Akuluampingo ena anayamba kulengeza m'matchalitchi mwawo. Odwala ena amene m'kaundula anali olembedwa kuti asiya kubwera anayamba kuonekanso pa mzere, ndipo tsiku lina ndinaona mayi Lunguzi akufufuta mawu amenewo pambali pa dzina la mkulu wina, akumwetulira okha. Miyezi imeneyo inali yochepa. Ndi yokhayo pa zaka zanga zonse za ntchito imene ndinkadzuka ndikudziwa kuti chimene nditaipe lero chifika kwa mwini wake.

Sabata ya mlendo

Kutatsala sabata imodzi kuti mlendo wa otithandiza afike, bambo Makwinja anaitanitsa katswiri wina wa makompyuta wa ku Blantyre kuti aone ngati zonse zili bwino. Mkuluyo atatsegula webusaiti anaseka. "Abwana, ichi n'chiyani? Chikuoneka ngati chidziwitso cha maliro chomata pa mtengo. Azungu akaona izi aziti bungwe linafa." Atachoka, bambo Makwinja anandiitana n'kutseka chitseko. Za Felesia ankazidziwa, ndinali nditawauza, ndipo tsiku limenelo analira. Koma tsopano anali atavula magalasi. "Mubwezeretse zithunzi zija pamwamba," anatero. "Ndipo bokosi la mauthenga lija mufufute zonse zakale." Za zithunzi ndinati tikhoza kukambirana, mwina chimodzi chaching'ono. Koma za bokosi ndinafunsa chifukwa chake. Anakoka fayilo n'kuitsegula patsogolo panga. Mu lipoti lililonse la zaka zitatu zija munali chiganizo chonena kuti mafunso onse ochokera kwa anthu amayankhidwa mwachangu. "Mlendoyu apempha kuona bokosilo," anatero. "Ndipo malipotiwa anataipa ndani, mayi Mbewe? Si inu nomwe?" Ndinali ine ndithu. Ndinkangokopera chiganizocho chaka ndi chaka osachiganizira.

Ndinapita kwa mayi Lunguzi ndikuyembekeza kuti akhala mbali yanga. Ankalongedza mankhwala m'makatoni. Anamvetsera mpaka ndinamaliza, kenako anati, "Fufutani, amayi. Felesia sadzuka. Ine ndili ndi anthu amoyo pa mzere mwezi uliwonse. Anthu akunjawa akakhumudwa sadzudzula, amangochoka. Akachoka, mankhwalawa muziwanyamula ndinu pamutu?" Ndinawauza kuti tikafufuta ndiye kuti bambo Zuze sanalembe kanthu, sanakwere phiri lija, ndipo mkazi wawo anangosiya yekha kubwera monga mwa kaundula. Anandiyang'ana nthawi yaitali. "Inu mukufuna kuti mtima wanu upepuke," anatero. "Si zolakwika. Koma musanamizire kuti mukuchitira odwala." Mawu amenewo anandibaya chifukwa mwina theka lake linali loona.

Masiku anayi ndinayenda nazo. Zithunzi ndinabwezeretsa chimodzi. Bokosi sindinafufute, koma sindinawauzenso bwana kuti sindinafufute. Mauthenga anayi a bambo Zuze ndinawasindikiza pa pepala n'kulipinda m'chikwama, osadziwa ngati ndidzalitulutsa.

Mlendoyo anali mayi wachikulire wa tsitsi loyera, waulemu, woyamba ndi "muli bwanji" kwa aliyense. Tinakhala m'chipinda cha bwana pamodzi ndi akuluakulu atatu a bodi ya bungwe. Zonse zinkayenda bwino mpaka pamene anatsegula laputopu yake n'kunena kuti waona webusaiti yasintha, ndipo akufuna kudziwa amene anaisintha ndi chifukwa chake. Sankafunsa mokwiya. Ndikuganiza kuti anaikonda. Bambo Makwinja anayamba kuyankha kuti tinkafuna kuyandikira anthu a kumudzi, ndipo zikanathera pomwepo. Koma mayiyo anatembenukira kwa ine n'kufunsa, "Nanga munadziwa bwanji kuti yakale ija sinkawathandiza?" Ndinamva mayi Lunguzi akukoka mpweya pambali panga. Ndinatsegula chikwama. Ndinawerenga uthenga uliwonse m'Chichewa kaye, momwe mwini wake anaulembera, kenako n'kumasulira. Nditafika pa wachinayi mawu anandithawa, ndipo mmodzi wa a bodi ndiye anaumasulira. Ndinanenanso kuti envulopu ya mapasiwedi inali m'dirowa yanga nthawi yonseyo, ndi kuti malipoti ndinataipa ndine. Za kufufuta bokosi sindinanene. Mlendoyo anapukuta maso, anandigwira dzanja, n'kulemba zambiri m'kabuku kake.

Chaka chomaliza

Patapita masabata angapo kalata inabwera. Inali yaulemu kwambiri. Inayamikira kunena zoona kwathu, ndipo inati thandizo liyamba laima kufikira atafufuza ngati malipoti athu ena anali olondola. Kufufuzako sikunachitike. Tinalemba, tinaimba, tinadikira. Kenako tinamva kuti asankha kugwira ntchito ndi mabungwe akuluakulu okhaokha. Bambo Makwinja anayenda m'maofesi onse a ku Blantyre ndi ku Lilongwe ndi fayilo m'khwapa, nsapato mpaka kutha zidendene. Tinapitiriza miyezi ina ndi mankhwala otsala, kenako galimoto inawonongeka ndipo sinakonzedwenso. Chinthu chomaliza chimene ndinalemba pa webusaiti chinali chakuti kiliniki ya ku Thambani ndi kwa Kanduku yatha, ndipo odwala azipita ku chipatala cha pa boma. Ndinachilemba ndi zilembo zikuluzikulu zakuda, m'Chichewa chosavuta. Chinkatseguka msanga ngakhale pa foni yotchipa. Aliyense anachimva.

Bambo Makwinja sanandikalipire. Tsiku lotseka ofesi anandipatsa kalata yondiyamikira pa ntchito, ndipo kuchokera pamenepo tikakumana pa msika amayang'ana kumbali. Mayi Lunguzi anapeza ntchito ku chipatala china cha mishoni kutali ndi kuno. Asananyamuke anabwera kunyumba kuno n'kundisiyira kaundula uja. Anati, "Musunge ndinu. Mumakonda kuwerenga mayina." Foni yakale ya ofesi inakhalabe kwa ine, ndipo kwa miyezi yambiri inkalira. Ndinkayankha. Ndinkawauza anthu za chipatala cha pa boma, iwo n'kundiuza za kutalika kwa njira, ndipo tinkatsanzikana. Ena okhala pafupi ndi msewu amabweradi ku boma, ndimakumana nawo. A kumapiri sindidziwa. Kaundulayo sindimutsegula.

Chilimwe chathachi ndinapitanso kwa bambo Zuze. Ndinkaona kuti ayenera kudziwa kuti mawu awo anamveka, ngakhale mochedwa. Miyendo yanga si yakale, moti ndinafika dzuwa lili paliwombo. Ndinawapeza pakhonde akuswa mtedza ndi mwana wawo wamkulu, Marita, mtsikana woti wayamba kusinkhuka. Ndinawauza kuti mauthenga awo onse anayi ndinawawerenga pamaso pa akuluakulu a bungwe ndi pamaso pa mlendo wochokera kunja, ndipo palibe liwu limene ndinasiya. Anasiya kuswa mtedza. "Ndiye anayankha kuti chiyani?" anafunsa. Ndinati, "Bungwe linatsekedwa." Anati anamva kuti galimoto sibweranso, koma sankadziwa kuti chinachititsa n'chimenecho. Anapukusa makoko m'manja. Kenako anamutuma Marita kuti akanditungire madzi akumwa, ndipo mtsikanayo atazimiririka kuseri kwa nyumba anandiyandikira n'kulankhula motsitsa.

"Uyu wayamba kugwa mwezi wathawu. Koyamba kusukulu, kachiwiri kumunda. Maso amatembenuka ngati mayi ake omwe. Ku mtsinje ndamuletsa." Anandiyang'ana, osati mokwiya, koma ngati munthu amene akufunsa njira kwa wodziwa. "Inu ndinu a zimenezi, mayi. Ndipite naye liti?"

Marita anabwera ndi kapu ya madzi, anagwada n'kundipatsa ndi manja awiri. Ndinawauza bambo ake kuti abwere naye ku boma Lolemba, adzagone kwathu, ndidzawaperekeza ndekha ku chipatala. Anati ayesetsa akakolola nandolo. Lolemba limenelo ndinayala mphasa ziwiri m'chipinda chako chakale, Tamanda, n'kukhala pakhonde kuyang'ana ku msewu mpaka matola omaliza a ku Thambani atatsitsa anthu. Sanabwere. Nambala yawo siikupezekanso.

Ana anga, mukadzawerenga izi musadzandiuze kuti ndinachita bwino, ndiponso musadzandiuze kuti ndinalakwa. Zonse ziwiri ndadziuza kale ndekha kambirimbiri, ndipo palibe imene yandigonetsa tulo. Chimene ndikupempha n'chimodzi. Yohane, ukabwera ndi galimoto pa tchuthi, usadzaiyimike pakhomo. Msewu wa ku Thambani ukhala utauma. Udzanditengere kumeneko, tikamufunefune Marita.